Ndikufuna Misozi Pofika Loweruka

Lolemba, 9 Juni

Kwacha ndi chiperoni. Phiri silikuoneka, nkhungu yalimeza mpaka m'munsi. Madontho akugwa pa malata ngati mpopi wosatseka bwino. Kumzikiti aitana kale, tambala wa kwa aneba walira mochedwa monga mwa masiku onse. Pamwamba pa zonsezi, mawu a azakhali a Esinati pabalaza.

Bambo anga amwalira ku Joni. Ndalemba mawu amenewa katatu pa chikuto cha kope la Sayansi kuti mwina andikhudze. Palibe chikuchitika.

Anachoka ndili ndi zaka zitatu. Pano ndili Folomu 3. Zomwe ndikudziwa za iwo:

1. Chithunzi cha pakhoma. Jekete lachikopa, atatsamira galimoto ya munthu wina.
2. Mawu a pafoni, Khirisimasi ina: "Ukulimbikira sukulu?" Ndinati eya. Mayunitsi anatha.
3. Makutu. Amayi amati makutu anga otambasukawa ndi awo.

Thupi likubwera pagalimoto. Lifika Lachisanu, kuika Loweruka kumudzi kwawo, kupitirira Jali. Mpaka tsikulo siwa ili kuno kwathu ku Matawale.

Azakhali a Esinati ndi mlongo wawo wa bambo, wamkulu. Afika dzulo. Kulira anayambira ali pa kabaza, wopalasa mpaka anatsala pang'ono kugwera m'ngalande. "Mchimwene wanga ine! Wandisiya ndi yani ine!" Amalira nkhope italoza kumwamba, maso akuyendera malata athu limodzilimodzi, kenako amatsikira pa makina osokera a amayi. Ndawayang'anitsitsa. Masaya ndi ouma gwa.

Masana ndikutunga madzi kuseri, ndawamva pazenera akuuza amayi ena a kumudzi: "Chifikire ine, mwana uja sanagwetseko msozi. Loweruka tiona. Mwana wosalira bambo ake si magazi athu. Ndiye ngati si wathu, iye ndi amakewo akutani m'nyumba ya mchimwene wanga?"

Ndowa yasefukira ndili chiimire.

Bambo anasiya zipinda ziwiri zopanda zitseko. Zina zonsezi ndi amayi ndi makina awo, kusoka mayunifolomu mpaka msana kupindika. Koma pepala la malo lili m'dzina la bambo. Ndipo ndinaona ndi maso anga chaka chatha, nyumba yachitatu kuchokera pano: mwamuna atamwalira, achibale ake ananyamula mpaka masupuni.

Pulani: kulira Loweruka. Misozi yooneka, yoyenderera mpaka pachibwano, pamaso pa mboni. Masiku asanu. Ndikhoza.

Lachiwiri, 10 Juni

Amayi: "Pita kusukulu, mayeso ali pafupi. Bambo ako sakufika lero."

Ndikanangokhala kunyumba!

Phunziro la Chingerezi. Aphunzitsi akulemba pabolodi zining'a za azungu. Akuti kwa azungu munthu akamalira mwachinyengo amati akugwetsa misozi ya ng'ona, chifukwa ng'ona imatuluka misozi uku ikudya munthu. Mtima wanga gu gu gu. Ndani wawauza? Ndayang'ana kalasi yonse. Aliyense akungokopera.

Dzanja langa ladzuka lokha. "Sala, ng'onayo imatani kuti misozi ituluke?"

Kalasi yonse phwete. Aphunzitsi: "Ukaifunse ku Chilwa, ukabwerako udzatiuze."

Ine ndimafunsa zoona. Ng'ona, chinyama chosapita kusukulu, chimatha. Ine wa Folomu 3 ndikulephera!

Pa buleki wina wawauza za maliro. Andiitana pakhonde, dzanja paphewa. "Pepa mwana wanga, sindimadziwa. Limba mtima. Ndiwe mwamuna, usalire."

Usalire! Malangizo okhawo amene ndalandira sabata ino.

Njira yoyamba, madzulo, kuseri kwa khola la nkhuku: kuganiza zachisoni.

- Galu wathu Bobo, lole inamuponda pamsewu wa ku Liwonde. M'maso mouma gwa. Basi.
- Tsiku limene amayi anagona ndi njala n'kundinamiza kuti adya kwa anzawo. Izi zandikwiyitsa, sizinandilize.
- Bambo ali okhaokha m'chipatala ku Joni. Sindikutha kuwaona. Ndikungoona jekete lachikopa litagona pabedi.

Zotsatira: njala.

Dalaivala wobweretsa thupi waimba foni, akuti adutsa boda yoyamba. Ndayeza pa mapu a m'buku la Jogalafe. Kuchokera pamenepo kufika Zomba ndi zala zinayi.

Lachitatu, 11 Juni

Zala zitatu.

Njira yachiwiri: anyezi.

Kukhitchini kwalandidwa ndi amayi a kutchalitchi. Mwamuna salowako. Ndadikira mpaka ayambe nyimbo, pamene onse amatsinzina pa vesi lachiwiri, ndatambasula dzanja pazenera. Anyezi mmodzi, wamkulu bwino. Kubafa. Lezala.

Zatheka! Misozi mbwe! Ndadziyang'ana pa kagalasi kosweka: mwana wamasiye weniweni, aliyense angamumvere chisoni. Ndathamanga kuti azakhali aone isanaume.

Kuchokera kubafa kufika pabalaza ndi mapazi khumi ndi asanu. Panjira ndakumana ndi amalume a Fulaye, mlongo wawo wa amayi, andituma kuti ndisunthe benchi. Pofika pabalaza maso auma. Fungo lokha latsala.

Azakhali anunkhiza kawiri. Kulira kwaima pakatikati pa "mchimwene".

"Ndani akudya ndiwo kumbali pamaliro?"

Andigwira dzanja, alinunkhiza pamaso pa amayi onse. "Mwaona? Bambo ake ali panjira, iye mtima uli kumphika. Mlamu, mwana mwamulera bwanji ameneyu?"

Amayi angoyang'ana pansi, akupinda nsonga ya chitenje. Zimenezo zandiwawa kuposa mbama. Komabe msozi ayi!

Tsopano ndine wosalira komanso wakuba anyezi.

Zomwe ndaphunzira: anyezi sakhalitsa, amanunkha, ndipo sungatulutse lezala pamanda n'kuyamba kudula.

Chinanso. Ndaona azakhali akuyeza khomo la kuchipinda kwanga ndi mkono. Mwana wawo Yohane, wa msinkhu wanga, atayima kumbuyo kwawo akugwedeza mutu ngati kasitomala.

Lachinayi, 12 Juni

Zala ziwiri. Ali ku Tete, akuti mapepala avuta pang'ono. Mulungu andikhululukire, ndakondwera.

Ndajomba kusukulu. Ndaganiza kuti mwina vuto ndi mawu. Azakhali alibe misozi koma ali ndi mawu, ndipo anthu amakhulupirira. Ndikapeza mawu, mwina misozi itsatira. Koma ku Matawale sungayesere kulira. Ukangotsokomola, nyumba zinayi zimamva.

Ndakwera kuphiri, kanjira ka anthu otola nkhuni. Nkhungu ponseponse. Mitengo ya paini ikudontha. Kuzizira mpaka m'mano. Anyani atatu pamwala akundiyang'ana ngati akudziwa zonse.

Ndayamba chapansipansi. "Bambo anga ine." Zikumveka ngati ndikuyankha funso m'kalasi.

Ndakweza. "Bambo anga ine! Mwandisiya ndi yani!"

Phiri layankha: yani, yani. Tsitsi langa nyau! Ndatsala pang'ono kuthawa. Koma ndapitiriza, ndagwada, ndamenya pansi ngati azakhali.

Kenako mapazi. M'nkhungu mwatuluka amayi atatu, mitolo ya nkhuni ataiponya. "Kwagwanji? Wafa ndani? Ali kuti?" Ndisanayankhe, wamkulu wa iwo wayika manja kumutu, wayamba. Ndipo misozi ikutsika! Yeniyeni! Munthu sakundidziwa, bambo sakuwadziwa, mphindi imodzi sinathe!

Ndafotokoza kuti ndikungoyeserera.

Wamkulu uja wasiya kulira, wagwira m'chiuno.

"Watitulitsa nkhuni chifukwa cha sewero?"

Chilango: kusenza mtolo wa wamkuluyo mpaka kumunsi. Khosi langa lalowa m'mapewa. Njira yonse akundinena kumbuyo, akuti ana a masiku ano akuyesera maliro ngati kwaya.

Koma pafupi ndi msewu, wamng'ono wa iwo watsalira pang'ono, wandinong'oneza: "Achimwene, musavutike. Pamaliro a apongozi anga ine ndinapaka tsabola wa kambuzi pa kampango kopukutira m'maso. Mpaka lero kumudzi amandiyamikira."

Ndagula kambuzi pamsika. Kampango ndatenga koyera, ka amayi, ka kutchalitchi.

Lachisanu, 13 Juni

Chala chimodzi. Adutsa Mwanza m'mamawa.

Kuyesa. Ndasinja kambuzi anayi ndi mwala, ndapaka pakona pa kampango. Ndakhudza diso lamanzere, pang'ono chabe.

Mayo ine!

Sindilemba zambiri. Ndaluma thaulo kuti asandimve. Ndaviika nkhope mu ndowa. Ndalonjeza Mulungu zinthu zimene sindingakwanitse. Diso lamanzere lalira ola lathunthu. Lamanja likungoyang'ana.

Koma njirayi ikugwira. Sinunkha, siuma msanga. Mawa maso onse awiri, kamodzi, pamanda. Ndingofunika kulimba mtima.

Cha m'ma 4 koloko galimoto yafika, ngolo kumbuyo, fumbi la maiko atatu. Matawale yense wathamangira kuno. Amayi a kutchalitchi ayamba nyimbo. Azakhali adzigwetsa patsogolo pa tayala, anthu anayi kuwadzutsa. Ana a aneba amene sanawaonepo bambo akulira. Ngakhale wogulitsa makala wongodutsa akupukuta m'maso.

Kampango? Kali m'buluku la sukulu, pa msomali, kuchipinda. Kuchipinda kwadzaza azimayi.

Ndaima ngati mzati wa magetsi.

Amalume a Fulaye andigunda ndi chigongono: "Iwe, gwetsako kenakake. Ngakhale mamina."

Ndayesa. Ndi mamina omwe akana.

Bokosi ndi lalitali kuposa m'mene ndimaganizira. Alilowetsa pabalaza, pamene pamakhala makina. Makinawo awakankhira pakona, wina wawafunditsa nsalu. Ndikadutsa pakhomo ndimayang'ana kumbali. Ndikuopa bokosi, ndikuopa azakhali, ndikuopa kambuzi. Sindikudziwa choyamba n'chiti.

Amayi sakukuwa. Akhala pamphasa pafupi ndi bokosi, manja pamiyendo. Anthu akunong'onezana za iwonso.

Ndi bokosi kwabwera chikwama chimodzi cha mizeremizere, katundu yense wa zaka khumi ndi zitatu. Azakhali achikhalira.

Loweruka, 14 Juni

Ndikulemba ndili kuseri kwa nkhokwe, kumudzi kwa bambo.

M'mawa, kuona nkhope tisananyamuke. Mzere. Ine kumbuyo kwa amayi. Ndimati nditsinzina, koma maso akana. Pa kagalasi ka bokosi: bambo wachikulire, wa imvi, wosamudziwa. Si wa pachithunzi. Makutu okha. Makutu angawa, ndendende, pamutu pa mlendo. Ndagwira anga osadziwa. Wakumbuyo wandikankha kuti ndiyende.

Lole. Msewu wa mabampu. Dzuwa latuluka lero, kumwamba mbee, chilichonse chikuoneka bwino. Tsoka langa.

Kumanda andiika kutsogolo, pakati pa amayi ndi azakhali. Adzukulu atsitsa bokosi. Nthawi yakwana. Ndatulutsa kampango. Ndakapinda kuti kona ya kambuzi ikhale pamwamba. Ndikuwerenga mumtima: wani, thu. Dzanja likukana, likukumbukira za dzulo. Ndiyambirenso. Wani, thu...

Azakhali ali pakati pa "wandisiya ndi yani". Koma padzuwa lotere, anthu atazungulira pafupi chonchi, nkhope youma imaoneka. Ndikuganiza kuti nawonso azindikira. Akufuna chophimba kumaso. Atambasula dzanja osayang'ana.

Tsomphu! Kampango kapita.

Akanikiza m'maso onse awiri. Apukuta. Apukutanso.



Kenako mawu amene sindinawamvepo sabata yonseyi. Osakhala a nyimbo aja. Ochokera pansi pa mimba. "Mayo! Ndikufa ine! Maso anga ine! Moto! Moto!" Agwa, akugubuduka, misozi ngati mvula ya Januwale, mamina, dovu, duku uko. Amayi asanu alephera kuwagwira. "Madzi! Ndipatseni madzi!" Wina wawapatsa kapu kuti amwe. Adzithira kumaso. Anthu: "Aa, chisoni chawapenga."

Manda onse alira nawo. Ngakhale adzukulu aima ndi makasu.

Mkulu wa mpingo polankhula: "Ndaika maliro ambiri, koma mlongo wolira mchimwene wake ngati mayi Esinati sindinamuone. Ichi ndiye chikondi. Ana inu, phunzirani."

Anthu onse: "Mmm."

Kampango kanagwera pafupi ndi phazi langa. Ndakaponda, kenako ndakatola, m'thumba.

Pobwerera kumudzi, azakhali akuyenda atagwiriziridwa mbali zonse, maso atatupa ngati matimati. Anthu akuwapatsa moni ndi manja awiri. Diso limodzi latseguka pang'ono. Lafufuza. Landipeza.

Silinaphethire.

Mndandanda wa lero:

- Misozi yanga: palibe.
- Misozi ya azakhali: yokwana mudzi wonse, ndipo ndawapatsa ndine.
- Akudziwa.
- Mawa m'mawa abale akhala pansi. Nkhani ya katundu ndi nyumba.

Ndawaphera amayi nyumba. Ine ndemwe, ndi kambuzi anayi.

Lamulungu, 15 Juni

M'mawa, pansi pa mtengo wa mango. Abale a bambo uku, ife atatu uku: amayi, amalume, ine. Chikwama pakati.

Azakhali aimirira. Maso akadali ofiira, aliyense akuwayang'ana mwaulemu. "Ndisanalankhule za nyumba, ndili ndi mawu pa mwana uyu. Dzulo nonse munaona. Mwana uyu..."

Thukuta likutsika m'khosi, kukuzizira chonchi. Ndapisa m'thumba kuti ndipukute. Ndatulutsa. Dzanja lili m'mwamba, pafupi ndi nkhope, ndakumbukira kuti ndi kampango kati. Ndauma pomwepo. Kampango koyera, kona yofiira, kali lende pamaso pa anthu onse.

Sindimawaopseza. Ndikulumbira. Ndimangoopa kusuntha.

Azakhali akayang'ana. Ayang'ana mkulu wa mpingo, amene dzulo anawatchula pamaso pa mudzi wonse. Akayang'ananso. Akanena za kambuzi, ndiye kuti anena za misozi yawo.

Atsokomola.

"...mwana uyu amalirira m'kati. Ndi mtundu wathu umenewo. Taonani makutuwo."

Anthu onse ayang'ana makutu anga. "Mmm."

Nyumba: amayi akhalebe, alere mwana. Koma, atero azakhali, popeza ndife magazi amodzi, Yohane akakhale nafe, aziphunzira m'tauni. Chipinda changa n'chachikulu, anayeza kale.

Chikwama achitsegula. Jekete lachikopa lija, lothetheka m'zigongono, kwa bambo aang'ono. Bulangeti ndi wailesi, azakhali. Mabuluku, agawana. Pansi penipeni, pepala la pulasitiki, m'katimo nsapato za sukulu. Zakuda, zatsopano, zingwe sanamasule n'komwe. Zazing'ono, za mwana woyamba Sitandade 1. Chikopa chauma, chayamba kung'aluka chifukwa chokhalitsa.

Palibe amene zingamukwane. Wina wati, "Mpatseni mwana wakeyo." Aseka pang'ono.

Amayi azitembenuza, ayang'ana kunsi. "Anaimbapo foni kufunsa saizi yako," atero chapansipansi. "Kalekale."

Mwina zinali za mwana wina wa ku Joni. Ndaganizapo zimenezo pa lole njira yonse. Sindikudziwa. Palibe woti ndimufunse.

Tafika ku Matawale masana. Chiperoni chabwerera. Pabwalo phulusa la moto wa siwa, mabenchi abweza kutchalitchi. Ndapita kuseri kwa khola la nkhuku kuti ndikwirire kampango. Nsapato zili m'khwapa. Ndakhala pa njerwa, ndangoti ndiyerekeze imodzi ndi phazi langa. Yalekezera pakati.

Basi. Zayamba zokha.

Popanda anyezi, popanda kambuzi. Maso onse awiri. Mpaka pachibwano, mpaka pa malaya, ndi mawu omwe, oipa, ngati mbuzi. Ndalephera kusiya.

Mboni: nkhuku zinayi.

Sabata yonse ndikuifuna misoziyi. Yabwera Lamulungu, nkhani itatha, kopanda munthu. Ndi mmene zilili. Mawa kuli mayeso a Chingerezi, mwina chining'a chija chibwera. Chimenecho ndikhoza.

Nditabwerera m'nyumba amayi andiyang'ana kumaso, sanafunse. Avundukula makina, awakokera pamalo pake. Angoti, "Kampango kanga koyera ukakaona, usakabweze."

Obwerera kunyumba: amayi, ine, amalume a Fulaye amene agona kuno lero n'kupita mawa, ndi Yohane, ndi chikwama chake, ndi mphasa yake, watenga kale mbali ya kukhoma. Azakhali atsala kumudzi, akuti adzabwera mwezi wamawa kudzaona mwana wawo. Bambo atsala kumudzi. Nsapato zili pansi pa bedi.